Mandimu Otsekemera a Achemwali Esinati

Ndikangomva fungo la makoko a mandimu otsekemera, ndimapezeka ndili pakhonde la nyumba yathu ku Chilomoni, m'nyengo yozizira imene achemwali anga a Esinati anabwerera pakhomo. Ndinali mu Sitandade 4. Chiperoni chinkatsika m'phiri la Michiru n'kuphimba madenga onse, malata ankadontha popanda mvula, ndipo utsi wa mbaula unkangokwawa pansi osafuna kukwera.

Achemwali anachokera ku Zingwangwa kumene anakwatiwa. Alamu anga anali atamwalira kumayambiriro kwa chakacho, ndipo abale awo anasesa katundu yense wa m'nyumba. Achemwali anafika ndi chikwama chimodzi, ataonda moti chitenje chinkachita kuwazungulira kawiri. M'kamwa mwawo munali zilonda. Phala ankalavula, malalanje ankawawotcha, tiyi ankamwa atazizira. Anthu oyandikana nafe, amene kale ankalowa mpaka kukhitchini kudzapala moto, anayamba kutipatsa moni ali pamsewu.

Amene sanasinthe anali Abiti Juma, mayi wachisilamu wogulitsa zitumbuwa. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mtengo wa mandimu otsekemera. Tsiku lina anabwera atamanga angapo pansonga ya chitenje, n'kukhala pamphasa pomwe panali odwalawo. "Awa saluma m'kamwa, mwana wanga. Tayesani," anatero. Achemwali anayamwa limodzi, n'kutseka maso, kenako n'kupempha lina. Kuyambira tsiku limenelo, ndikaweruka kusukulu ndinkakwera mtengowo, minga ikundikanda m'mikono.

Kadyedwe kake anandiphunzitsa ndi achemwali omwewo. Unkayamba walifikisa pasimenti ndi chikhatho mpaka lifewe, kenako n'kuliboola ndi kamtengo ka machesi, n'kumayamwa pang'onopang'ono. Ukalidula ndi mpeni unkayenera kudya msanga, chifukwa likakhalitsa m'mbale limayamba kuwawa. Masiku amene kukhosi kwawo kunkakana, ndinkawafinyira m'madzi ofunda. Masamba tinkaponya mu tiyi, ndipo makoko tinkaika pamakala kuti fungo lake liphimbe fungo la matenda limene linali litakhazikika m'chipinda. Akupsa kwambiri, achikasu, ine ndinkawakonda ndi kamchere. Iwo ankangondiyang'ana ndikunyambita zala, n'kumaseka chamumtima chifukwa milomo sinkawalola.

Amayi anali atawapatulira kapu, mbale ndi supuni zawozawo, zimene ankatsuka ndi madzi owira. Chifukwa chake sanandiuze.

Masana ena tikuwothera dzuwa pamphasa, achemwali anayamwa ndimu n'kundipatsira. "Ili ndiye latsekemera kuposa onse, Mphatso. Talawa." Ndinali nditalifikitsa kale pamlomo pamene amayi anatulukira kuchokera kumpopi, ndowa ili pamutu. Mmene anaitulira sindinaone. Ndinangomva mbama padzanja, n'kuona ndimu lija likugubuduzika mpaka mungalande.

"Ukufuna ndiike m'manda ana awiri?" anatero amayi. Atangotero anadzigwira pakamwa.

Achemwali sanalire. Anayang'ana amayi n'kunena motsitsa, "Pepani amayi, ndinaiwala." Anadzuka mogwirira khoma n'kulowa m'nyumba.

Pakhonde sanatulukirenso. Mandimu ndinkabweretsabe, koma ankandiuza kuti ndiwaike pawindo, ndipo ankafotera pomwepo. Amayi anayamba kufinya okha. Ankagwada pambali pa mphasa, kapu ili m'manja, akuchonderera kuti, "Imwako pang'ono, Esinati, mwana wanga." Nthawi zina achemwali ankameza kamodzi, kenako n'kutembenukira kukhoma. Abiti Juma ankabwera kudzawapukuta nkhope ndi kansalu konyowa, osafunsa kanthu. Achemwali anamwalira mphepo ya mu Ogasiti itayamba kuulutsa fumbi ndi mapepala m'makwalala. Anthu anabwera ambiri pamaliro, kuphatikizapo aja ankatipatsa moni ali pamsewu, ndipo anaimba bwino.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti mbama ija ndi imene inapha achemwali, moti kwa miyezi yambiri ndinkakana kufunda bulangete limodzi ndi amayi. Lero ndikudziwa kuti matenda aja sakanandilowa kudzera pa ndimu, komanso kuti mankhwala amene akanawasunga anafika m'zipatala zathu patangopita zaka zochepa. Amayi zimenezi sankazidziwa, ndipo panalibe amene anakhala nawo pansi kuwafotokozera. Iwo anangoona mwana mmodzi akupita ndi wina akuyasamula kukamwa kuti ayamwe ndimu la wodwalayo. Anakalamba mpaka kumwalira osatchulapo za masana amenewo, ndipo inenso sindinawafunse.