Kapulasitiki kachikasu m'thumba la jekete

Loweruka lapitali ndinanama. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ndisapeze mpata wowazemba kumapeto.

Tinanyamuka ku Hyattsville m'mawa, ine ndi a Tembo, mnzanga wa ku Chipata amene amayendetsa takisi mu Washington, kukawedza ku nyanja ya Chesapeake. Kuli kamlatho kamatabwa kolowa m'madzi, pamene anthu amaima ndi mbedza zawo. Mphepo inali yozizira, ndipo mpaka masana ndinakoka nsomba imodzi yokha, ya mizeremizere ija amati rokofishi, yotalika ngati mkono wanga. A Tembo anavina. Koma pochotsa mbedza tinaona kanthu pamsana pake: kapulasitiki kachikasu, kowonda ngati udzu, kobayidwa m'mnofu pafupi ndi chipsepse. Panalembedwa nambala ndi keyala ya ofesi ina.

"A Mbewe, ni nsomba ya boma iyi," anatero a Tembo motsitsa mawu. "Chotsani ako kanthu. Mufuna bakufunseni mapepala chifukwa cha ndiwo?"

Ndinadula ndi mpeni, n'kukalowetsa m'thumba la jekete. Nsomba tinaibisa m'bokosi la ayezi, pansi pa nyuzipepala.

Posakhalitsa panafika mayi wina wachizungu, waimvi, atavala nsapato zamphira zofika m'mawondo, kabuku ndi pensulo zili m'manja. Ankaima pa msodzi aliyense. Atafika pa ife anapereka moni, n'kufunsa ngati tapha kanthu, ndiponso ngati taonapo nsomba yokhala ndi kachizindikiro kachikasu.

"Ayi, mayi. Lero palibe," ndinayankha.

Ine amene, Lamulungu, ndimaima kutsogolo kwa mpingo kuwerenga Mawu.

Analemba. Ndinaiona pensulo ikuyenda, bodza langa likulowa m'kabuku.

Kumapeto kwa mlathowo mayiyu anali ndi ndowa ya matope amene anawavuula pansi pa nyanja ndi chitsulo chotseka ngati kamwa. Anayamba kuwatsuka pa sefa. A Tembo, mantha atawathera, anamufunsa ngati akufuna golide. Iye anaseka, n'kutikodola kuti tidzaone.

Matopewo anali akuda bii, akununkha ngati dzira lowola. Pa sefa panatsala tizigoba topanda kanthu. Anati pamene ankayamba ntchitoyi, matope a malo omwewo ankadzaza sefa ndi nyongolotsi ndi tinkhono tamoyo, chakudya cha nsomba ndi nkhanu. Tsopano m'miyezi yotentha madzi apansi amatha mpweya, chifukwa cha feteleza wa m'minda ndi zonyansa za m'mizinda zimene mitsinje imatsitsira kumeneko, ndipo zamoyo zosatha kuthawa zimafera pomwepo. Rokofishi nayonso ikuchepa chaka ndi chaka. N'chifukwa chake iye ndi anzake amagwira zina, kuziika tizizindikiro, n'kuzibwezera m'madzi. Msodzi akagwira yotere amatumiza kapulasitikiko, n'kunena tsiku, malo ndi kutalika kwake. Apo m'pamene amadziwira kumene nsomba zikupita, ndi ngati zotsalazo zingakwane kuswana.

"M'kati mwa nyanja sitionamo," anatero. "Timadalira zimene anthu atiuza."

Nthawi yonseyo dzanja langa linali m'thumba, litafumbata kapulasitiki.

Abale anga, kumene mantha amenewa achokera tonse tikukudziwa. Tinakula tikudziwa kuti munthu wa kabuku akakufunsa dzina, umayamba wameza mate. Kuno nakonso tili ndi mapepala athu otiloleza kukhala m'dziko lino, amene amatha, amene amadikira chidindo cha munthu amene sitidzamuona. Envulopu ya ku ofesi ikafika, timayamba taiunika padzuwa. Wina akagogoda kuti akuwerenga anthu, timauza ana kuti akhale chete. Sindikunyoza. Anga omwe akudikira chidindo mwezi uno.

Koma taonani chimene mantha atisandutsa. Timadya za m'madzi a dziko lino. Madzi a m'sinki mwathu ku Hyattsville, ku Annandale, ku Woodbridge, amatsikira ku nyanja yomweyo. Pakudya tilipo, pakuipitsa tilipo. Pofika pa umboni, akuti taonapo chiyani, tonse ndife alendo, sitikudziwa kanthu. Kodi mlendo wotere ndi mlendo, kapena ndi dzombe?

Ndamvapo okhulupirira anzanga akunena kuti Amene anadzaza nyanja pachiyambi adzaidzazanso, ndiye kuwerenga nsomba n'kuchepa chikhulupiriro. Ine ndemwe ndinanenapo zimenezo. Koma ntchito yoyamba imene munthu anapatsidwa m'munda muja inali yosunga, ndi yotcha cholengedwa chilichonse dzina. Ungasunge bwanji chimene sukuchidziwa? Ndipo ophunzira asodzi aja, m'mawa umene Ambuye wouka kwa akufa anawadikira pagombe, atakokera khoka kumtunda anakhala pansi n'kuwerenga nsomba zawo imodziimodzi, chiwerengero chake n'kulembedwa kufikira lero. Ambuye anali pomwepo. Sanawaletse.

Sindikudziwa ngati mayi uja amapemphera. Chimene ndinaona n'chakuti iye anagwada pa matabwa ozizira, manja ali m'matope onunkha, kufunafuna nyongolotsi imodzi yamoyo. Ine wa Mawu ndinali chiimire, ndi bodza m'thumba.

Nsombayo tinadya madzulo omwewo. Inakoma, sindibisa.

Jekete ndili nalo limodzi lokha. Lamulungu, mbale ya chopereka ikuyandikira, ndinapisa m'thumba, n'kutulutsa kapulasitiki kachikasu. Nyimbo yonse yotsatira sindinaimbe.

Kunyumba ndinawafotokozera zonse akazi anga, amake Chisomo.

"Nsomba tadya kale, bambo a Chisomo," anatero. "Chotsala choopa n'chiyani?"

"Akufuna dzina ndi keyala. Ndingotumiza kopanda dzina."

Anapukusa mutu. "Nanga mzere wa Loweruka uja, wakuti palibe, adzadziwa bwanji kuti ndi wabodza? Mukufuna kubweza kapulasitiki, bodza mukusunga?"

Anatenga tepi yawo yosokera, n'kundiyeza mkono kuchokera paphewa kufika pachikhatho, kuti tipeze kutalika kwa nsomba imene inali itatha kale.

Lolemba ndinalemba kalata yopita kwa mayi uja, pa keyala ya pa kapulasitiki. Ndinaikamo kapulasitiki, tsiku, malo, ndi kutalika kwa mkono wanga. Pansi ndinawonjezera kuti: ndine munthu wakuda wa jekete lobiriwira amene ndinakuuzani kuti palibe, inalipo, chonde konzani m'kabuku mwanu. Ndinasaina dzina langa lonse ndi keyala ya nyumba ino.

A Tembo atamva anagwira kumutu. "Mwapenga, mudala. Bakabwera, ine sinikudziwani." Kenaka anatenga kalatayo n'kukaiponya okha ku positi, poti takisi yawo imadutsa kumeneko.

Yankho silinabwere, ndipo mantha sanathe. Galimoto yachilendo ikaima panja ndimasuzumirabe pawindo. Mwina palibe chimene chidzachitike, mwina chilipo. Koma kodi nyanja imene anthu ake onse ayankha kuti palibe, idzapeza ndani woichitira umboni isanathe?

Chimodzi chokha chikunditonthoza sabata ino. Mayi uja amalemba ndi pensulo.