Giya ya Anthu Awiri

Mutu wa giya m'galimoto ya amalume unali mutu wa chibonga. Weniweni uja unatayika ine ndisanabadwe, ndiye amalume anadula chibonga cha malemu bambo awo, n'kuboola mutuwo ndi msomali wamoto, n'kuusomeka pa ndodo ya giya. Unali wakuda bii, wosalala ndi thukuta la mibadwo iwiri, ndipo unkanunkha fodya ndi girizi. Ife ana tinkaletsedwa kuukhudza, n'chifukwa chake fungo lake ndikulikumbuka bwino chonchi.

Galimotoyo inali kalole kopanda mphuno, kaja injini yake imakhala pansi pa mpando. Masiku abwino kankatuta kachewere kuchokera kwathu, cha ku Lifidzi, kupita naye ku Domwe. Koma nkhondo itafika m'mapiri mwathu, galimoto yoyenda inali ngati mwanapiye pabwalo, amfuti akangoiona yapita. Amalume anakankhira kaloleko kuseri kwa khola n'kukakwirira ndi mapesi ndi udzu mpaka kanasanduka mulu wa chakudya cha ng'ombe. Kanagona mmenemo dzinja lonse. Amalume ankanyadira nzeru imeneyi kwa aliyense womudalira, ndipo anthu owadalira anali ambiri. Chimene anaiwala n'chakuti mvula ndi makoswe sanamizika ndi mapesi.

Chisanu chitalowa, kachewere titakumba, kunamveka kuti amfuti a m'tchire akusaka aphunzitsi. Athu anali munthu wa ku misoni, wophunzira ku Fonte Boa, wa mwendo umodzi wopuwala chibadwire. Anzawo anali atadutsa kale m'mapiri wapansi kulowa ku Malawi. Iwo sakanatha. Ngolo ikanawayendetsa poyera dzuwa lonse. Amayi, amene ankawaphikira chakudya chamasana, ndiwo analamula.

"Achimwene, fukulani chilole chanu chija."

Zonsezi ndazidziwa nditakula. Nthawi imeneyo ine ndinauzidwa kuti tikupita kukagulitsa kachewere, ndipo ndinakhulupirira. Za aphunzitsi ndinkadziwa chinthu chimodzi: anali ndi regwa, rula yathabwa yolemera, ndipo inkadziwana bwino ndi matako anga chifukwa cha tabwada, kuchulukitsa manambala kuja, makamaka ya seti, nambala ya zisanu ndi ziwiri ija.

Titachotsa mapesi, kaloleko kanatuluka kali ndi bowa pachitseko. Batire inali itafa kalekale, koma zimenezo amalume sanade nazo nkhawa. Mafuta anali nawo m'chigubu chimene anakwirira m'munda wa nyemba, ndipo kwathu chitsetse sichisowa. Kungoilowetsa giya, kuikankha, injini idzuka yokha. Anakwera monyada, anaponda kilatchi, anagwira mutu wa chibonga uja. Ndodo inakana. Anaigwedeza, inakana. Apa munthu wanzeru akanatsika n'kukayang'ana chimene chagwira. Amalume anga, Mulungu awasunge kumene ali, ankakhulupirira kuti chitsulo chimamva mphamvu basi. Anagwira ndi manja onse, anatsamiritsa phazi kutsogolo, n'kukoka.

Kunamveka kuti thu! Amalume anagunda mutu kukhoma lakumbuyo. Atadzuka anamwetulira, poti ndodo tsopano inkayenda mofewa kutsogolo ndi kumbuyo, ngakhale ndi chala chimodzi.

"Mwaona? Yamasuka."

Tinakankha. Mudzi wonse unakankha, mpaka akatekisita anavula jekete. Kalole kanatsetsereka bwinobwino mpaka kudambo, injini ili zii, amalume akuvundula ndodo ija mbali zonse. Giya sinalowe ndi imodzi yomwe. Kukabweza kumtunda kunatitengera madzulo onse ndi ng'ombe ziwiri zobwereka.

Tsiku lotsatira amalume anagamula kuti wolakwa ndi embrayaji, ndiko kunena kwawo kilatchi akafuna kuoneka odziwa. Anamasula, anapukuta, anabwezera, n'kutsala ndi mabawuti awiri m'manja amene sanadziwe kwawo. Palibe chinasintha. Kenako anati ndi ife ana tinaseweretsa. Kenako anati ndi bambo wina wa tsidya la dambo amene anakanganapo naye za malire a munda, ndipo anayamba kufunsa za sing'anga. Masiku ankapita. Aphunzitsi anasiya kugona kunyumba kwawo, anayamba kugona m'khitchini mwathu, ndipo ine ndinaona ngati tsoka landitsata mpaka kunyumba.

Amayi analeza mtima mpaka unatha.

"Sing'anga wa chiyani? Ng'ombe ikamatsimphina mumayamba mwaitukula phazi. Lowani pansipo muone, ine ndigwedeza."

Anatukula mpando. Pansi pake panali mudzi wathunthu wa makoswe, zisa za udzu, zitsononkho, ndi fungo loti aphunzitsi anayetsemula kasanu. Amalume anayala chiguduli n'kulowa chagada pansi pa galimoto, miyendo yokha ili kunja. Amayi anakwera, koyamba m'moyo wawo kukhala pampando wa dalaivala, anamanga chitenje bwino, n'kugwira ndodo.

"Cham'mbali!" anakuwa amalume ali pansi. Amayi anagwedeza. "Eya, kakuyenda! Tsopano kutsogolo!" Amayi anakankha. Pansi palibe chinayenda. "Ndati kutsogolo, achemwali!"

"Ndakankha kale! Mukufuna nditulukire pagalasi?"

Pamenepo ndi pamene zinadziwika. Kuchokera pa ndodo kupita ku bokosi la magiya kunali mawaya awiri, aliyense m'chikopa chake chakuda. Amalume ankawatcha makabu. Wina ntchito yake ndi kusankha mzere ndodo ikapita cham'mbali, winayo ndi kulowetsa giya ndodo ikapita kutsogolo kapena kumbuyo. Woyambayo anali moyo. Wachiwiriyo amalume anamutsata ndi zala mpaka anapeza pamene makoswe anadya chikopa. Madzi a dzinja lonse analowera pamenepo, dzimbiri linagwira waya, ndipo chotsalacho anamaliza ndi amalume ndi mphamvu zawo. Anamusolola n'kumuonetsa kwa anthu, nsonga yake itanyankhalala ngati tsache lakutha. Za bambo wa tsidya la dambo sanazitchulenso, komanso sanapepese.

Kabu watsopano nthawi imeneyo ukanamupeza kuti? Ku sitolo ngakhale mchere kunalibe. Amalume anakachonderera akatekisita mpaka anawapatsa waya wa buleki ya njinga yawo. Anamumangirira mwaluso ndithu, ndiwayamikire. Atakoka ndodo, giya inalowa kuti kwatsu, ndipo amalume anavina. Atakankha, waya anangopindika n'kugona. Waya wa njinga amadziwa kukoka kokha, pomwe wa giya amayenera kukoka ndi kukankha komwe. Akatekisita anayenda chaka chonse ndi buleki imodzi, akuima ndi chidendene.

Nzeru yomaliza sindikudziwa anaiyambitsa ndani, chifukwa aliyense pambuyo pake ankati ndi yake. Anaboola pansi pakati pa mipando, pamwamba penipeni pa bokosi la magiya. Anagulula khasu la amayi, n'kutenga mpini, n'kuumangirira ndi waya wa mpanda ku kachitsulo kaja kankakokedwa ndi kabu wodukayo. Basi giya inasanduka ya anthu awiri. Amalume aponde kilatchi n'kusankha mzere ndi ndodo yawo, wina akankhe kapena kukoka mpini. Winayo anali amayi, chifukwa anati mpini ndi wawo ndipo sauonetsa msana.

Mafuta anali ochepa, choncho ankaphunzira injini ili yozima, amalume akulira ngati injini ndi pakamwa n'kumatchula magiya m'Chipwitikizi, pirimera yoyamba, sigunda yachiwiri. Ife ana tinkakhala pa mpanda wa khola kuonerera, ndipo sindinaonenso sewero loposa limenelo.

"Vruuuu! Pirimera, kankhani! Vruuuuu! Sigunda, kokani! Kokani, achemwali, mukugona?"

"Mukandikalipiranso ndikusiyirani mpiniwu, muziuza chibonga chanucho."

"Chonde, sigunda."

"Eya. Pakamwa pabwino."

Aphunzitsi ankaseka nawo atakhala pa mtondo, koma maso awo sankachoka kunjira yochokera kuphiri. Ine ndinkaganiza kuti akuyang'ana ana othawa shikola, sukulu yathu ija.

Tinanyamuka m'mawa wa nkhungu, kuzizira koluma zala. Anasanja matumba a kachewere kumbuyo n'kusiya mpata pakati. Aphunzitsi anagona mumpatamo chafufumimba, ndodo yawo pambali, ndipo anawafunditsa ziguduli ndi masamba a kachewere. Kenako amayi anandinyamula n'kundikhazika pamwamba pawo penipeni.

"Ukhale pomwepa. Usasunthe, usayang'ane pansi, usatchule munthu."

Ndinamva chimwemwe chimene sindingachibise ngakhale lero. Ine, mwana wamkazi wolephera tabwada ya seti, kukhala pamsana pa aphunzitsi, ndipo motumidwa ndi amayi! Chifukwa chake sindinafunse. Ndinangoti mwina akuluakulu amayenda chonchi kukazizira.

Anthu anakankha, amayi anakoka mpini, injini inatsokomola n'kudzuka. Tinayenda. Pa chitunda chilichonse ndinkamva mawu a amalume ndi a amayi akupikisana ndi injini, magiya akukukuta ngati galu wapeza fupa. Pa mabampu ndinkadumpha n'kugweranso pa aphunzitsi, iwo osadandaula ngakhale pang'ono.

Amfuti tinawapeza pokwera kuchokera pa kamlatho, atagoneka mtengo pamsewu. Anali a mbali iti sindikudziwa. Kwa mwana onse anali amfuti. Amalume anaima koma injini sanaizimitse, poti ikanazima panalibe wotikankha. Wamkulu wawo anazungulira galimoto akuimenyamenya ndi dzanja ngati munthu wogula ng'ombe. Wina, mnyamata wa milomo yosweka ndi chisanu, anakwera kumbuyo. Anasankha thumba limene linagundana ndi bondo langa n'kuliponya pansi. Pansi panga ndinkamva mtima wa aphunzitsi ukugunda m'ntchafu zanga.

Mnyamatayo anandiyang'ana.

"Iwe, umapita ku shikola? Purufesori wanu ali kuti?"

Amayi anati ndisatchule munthu. Koma funso loyamba lija linali ndi yankho limene linakhala pamtima panga nthawi yaitali.

"Shikola ndimadana nayo," ndinatero mokweza. "Amangotimenya. Bola itapsa."

Anaseka mpaka mfuti inagwedera paphewa. Anauza anzake, nawonso anaseka. Anadumphira pansi osasuntha thumba lina.

Koma wamkulu uja galimoto anali ataikonda. Anauza amalume kuti aiyendetse pang'ono aione. Amalume, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho, anaponda kilatchi.

"Pirimera, achemwali," anatero ndi mawu aulemu amene sindinawamvepo.

Injini inabangula, ndipo kalole kanathamanga chambuyo kulunjika ku mlatho. Ndinagwira thumba ndi manja onse. Amfuti anabalalika. Amalume anaponda buleki tayala limodzi litatsala pang'ono kulowa m'madzi. Mpaka imfa inawalekanitsa, amalume ankati amayi anakoka m'malo mokankha, amayi ankati amalume ndiwo anaponya ndodo ku mzere wolakwika. Mkanganowo unayambira pomwepo, pamaso pa mfuti.

"Ndati kankhani!"

"Munasankha chiyani inuyo? Manja akunjenjemera ngati nkhuku yonyowa!"

Wamkulu uja anabwera n'kusuzumira. Anaona bowo pansi, mpini wa khasu, waya wa mpanda, ndi mayi wokwiya atagwira mpiniwo ndi manja awiri. Anafunsa ngati galimotoyi imayenda popanda mayiyu. Amalume anati ayi. Anayang'ananso amayi, amayi anamuyang'ananso, ndipo ndikuganiza kuti anawerengera mtengo wosunga galimoto pamodzi ndi mwini mpini. Analavula, n'kuuza anyamata ake achotse mtengo.

Kuchokera pamenepo mpaka ku Domwe amalume sanafunikenso kutchula giya. Magiya ankalowa okha, amayi akudziwa nthawi ndi khutu.

Tinakaima kuseri kwa nyumba ina pafupi ndi malire. Aphunzitsi anatuluka m'matumba nkhope ili mbuu ndi dothi la kachewere, tsamba lili pakhutu. Anagwira dzanja la amalume nthawi yaitali. Kwa amayi anagwada, mwendo wopuwala uja utatambalala pambali, ndipo amayi anayang'ana kumbali. Kenako anafika pa ine. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti munthu amene ndinamukhalira ali ndi makutu. Mawu onse aja anawamva, mpaka a kupsa aja. Anandiika dzanja pamutu.

"Wayankha bwino, mwana wanga," anatero.

Mawu amenewo ndinkawadziwa. Ankawanena m'kalasi, mozuna chomwecho, munthu ukati seti kuchulukitsa ndi seti ndi makumi asanu, kenako regwa inkatsika. Ndinawaonerera akutsimphina ndi ndodo yawo kulowa m'kanjira ka m'chimanga chouma, ndipo ndinadziwa kuti nkhaniyi aisungira Lolemba.

Masiku otsalawo ndinaloweza tabwada ya seti ngati pemphero, ndikusenda nyemba, ndikutunga madzi. Lolemba m'mawa ndinavala masiketi awiri, n'kupinda kachiguduli n'kukalowetsa kumbuyo. Ndinapita ku shikola ndikuyenda ngati bakha. Chitseko chinali chotsegula. M'kalasi munali mbuzi, ina itakwera pa tebulo la aphunzitsi. Ndinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu, n'kubwerera. Shikola imeneyo inadzatsegulidwanso ine ndili ndi mwana kumsana, ndipo aphunzitsi athu sitinawaonenso.

Amayi anandipeza pakhomo ndikusolola kachiguduli kaja. Anafunsa, ndinafotokoza zonse, kuti lero sanabwere koma mawa abwera ndithu, ndipo seti ndaidziwa. Ndinkayembekeza kuti aseka, poti amayi ankaseka zinthu zochepa kuposa zimenezi. Koma anakhala pansi pakhonde, anandikokera pachifuwa, n'kuyamba kulira mwakachetechete, misozi ikugwera m'tsitsi langa.

Ine ndinaganiza kuti akundimvera chisoni chifukwa cha zikoti za mawa. Ndinawasisita pamkono n'kuwauza kuti asadandaule, ndivalanso masiketi awiri.