Maluwa a namwino amene akusamuka

Lachiwiri m'mawa ndinamva mkangano kuseri kwa mpanda wanga kuno ku Mzimba boma. Nditasuzumira, ndinaona mnansi wanga, Mayi Kachingwe, namwino wochokera ku Ntcheu, atatsekereza bedi la maluwa ndi thupi lawo. Patsogolo pawo panali eni nyumba, a Nyirenda, khasu lili paphewa.

Nkhani yake nayi. Namwinoyu amusamutsa pa ntchito, anyamuka Loweruka. A Nyirenda amafuna kupala bwalo lonse kuti wolowa m'nyumbamo adzapeze poyera, monga timachitira kuno.

"Mama, izi zinauma kale," anatero a Nyirenda. "Mbwenu mukufuna mundisiyire njoka?"

"Zauma pamwamba pokha, bambo. Tandibwerekani khasulo."

Mayiwo anakumba cham'mbali, natukula tsinde limodzi. Mizu inali yamoyo, timphukira titayamba kale kusuzumira. A Nyirenda anavula chipewa n'kukanda mutu.

Duwali amalitcha ekinesiya. Ambiri a inu odutsa mumsewu wathu munaliwona nthawi ya mvula: lofiirira, masamba a duwa ogwera pansi ngati siketi, pakati pali mutu wobaya ngati nungu. Njuchi ndi agulugufe sizichokapo.

Silivuta. Limafuna dzuwa ndi dothi losasunga madzi. Manyowa ochuluka salifuna, ndipo likagwira limapirira chilala. Nyengo yozizira ino limauma pamwamba, moyo n'kubisala m'mizu. Mitu youmayo Mayi Kachingwe sadula, chifukwa ndi momwe muli mbewu. Chimene duwali limafuna kwambiri ndi kudikira. Ukafesa, chaka choyamba umangoona masamba. Maluwa ambiri amabwera chaka chachiwiri.

Apa ndi pamene mayiwa amandigometsa.

Ife obwera ku Mzimba chifukwa cha ntchito, aphunzitsi, apolisi, anamwino, ngakhale olemba nkhani, timabzala chiyani? Mpiru ndi matimati basi, zoti tidye kalata yosamutsa isanafike. Mtengo wa mapeyala? "Aaa, ine ndikungodutsa." Wongodutsayo ana ake amayamba sukulu konkuno, n'kumaliza konkuno, bwalo lili mbee!

Mayi Kachingwe ankadziwa kuti kalata idzabwera. Anafesabe. Chaka chathunthu ankatsirira masamba opanda duwa akaweruka kuchipatala, anzawo akuwaseka kuti akulima ndiwo zosadyeka.

Lachiwiri lomwe lija Mayi Kachingwe anagawa matsinde akuluakulu ndi mpeni, chidutswa chilichonse ndi mizu yake. Theka analisiya m'bedi momwemo.

"Musapalepo, bambo. Mvula ikagwa mudzandikumbukira."

"Sindipalapo, mama. Koma ndapota, mundigawireko cha akazi anga ku Euthini."

Analandira zidutswa ziwiri, akuthokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene. Kenako mayiwo anandiona pampanda paja.

"Inu achimwene, mwaonerera mokwanira. Gwirani ichi. Chilowe m'dothi lero lomwe, mizu isanaume."

"Koma ine mwina chaka chamawa ndisamu..."

"Munanena zomwezo tsiku limene ndinafika ine."

Sananame. Ndakhala ku Mzimba zaka zisanu ndi zinayi, ndipo makatoni ena sindinamasulebe.

Ndinalowa m'nyumba kukafuna chokumbira. Ndinapeza masutikesi atatu ndi chingwe chomangira katundu, koma khasu ayi.

Ndinapita kukabwereka la a Nyirenda, lomwe lija linabwera kudzapala maluwa.

Nanga inu, m'nyumba mwanumo khasu lilimo?