Kachikopa ka M'chitini

Galimoto yanga yoyamba ndinaigula ndili kalaliki wa pa sikelo ku esiteti ya nzimbe ku Nchalo, zaka zija anthu othawa nkhondo ku Mozambiki ankadzaza ku Marka ndi m'midzi yonse ya m'malire. Inali yabuluu, ya mzungu wina wa ku fakitale amene ankabwerera kwawo. Yakale inde, koma utoto wake unali wosakandika paliponse, moti munthu ukaima pambali pake unkatha kupesa tsitsi. Pondipatsa makiyi, mzunguyo anandipatsanso polishi ndi chitini china chachitali. M'chitinimo munali kachikopa kachikasu, kofewa ngati khutu la mbuzi. Anati kameneko n'kopukutira galimoto ikatsukidwa, kazikhala konyowa m'chitini mwakemo, ndipo kasakhudze mchenga ngakhale tsiku limodzi. Sindinamufunse kuti n'chikopa cha nyama yanji. Ndani amafunsa zimenezo tsiku logula galimoto?

Otsuka galimoto analipo pamsika, amuna akuluakulu ndithu, ndipo mtengo wawo sunali woboola m'thumba. Koma ndinali nditawaona katsukidwe kawo. Madzi ankatunga pamjigo, ndipo aliyense wa kuchigwa kuno akudziwa kuti madzi a m'mijigo yathu ndi amchere, akauma amasiya mawanga oyera. Chopukutira chinali chiguduli cha saka. Pamene galimoto ya pa esiteti imadetsedwa mwa mtundu wake: mwaye wa nzimbe zowotcha umagwa kuchokera kumwamba, ndipo molasesi, madzi okhuthala otsala popanga shuga, amene ankathira m'misewu pofuna kupha fumbi amamatirira m'mbali ngati ulimbo. Zimenezo zimafuna madzi ambiri ndi dzanja lofatsa. Choncho Loweruka lililonse m'mawa, dzuwa lisanayambe ukali wake, ndinkatunga madzi a mu Shire m'ngalande yothirira nzimbe n'kutsuka ndekha. Ndikatha, kachikopa ndinkakachapa, kukafinya pang'ono, kukabwezera m'chitini, n'kukhomera m'kabokosi ka kutsogolo momwe munkakhala khadi langa la chipani. Mkazi wanga ngakhale ana sankaloledwa kukagwira, ndipo ndikuvomera kuti ndinkakalipa.

Anzanga a mu ofesi ankandiseka. Ati kalaliki wathunthu, munthu wa tayi, kuvula shati n'kumagwada pa matayala ngati wa ganyu. Ena ankati ndine wouma manja, ndikumana anzanga ndalama ya mchere. Zimenezo sizinkandilowa. Ine ndinali ndi munthu mmodzi yekha amene ndinkafuna kuti adzaione galimotoyo ikuwala, ndipo munthuyo sankaona.

Amayi anga, kwathu ku Tengani, anali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Zinayamba ngati utsi, mpaka anafika pomazindikira anthu ndi mawu okha. Dokotala wa maso ankabwera ku chipatala cha mishoni mwa apo ndi apo, pakadutsa miyezi yambirimbiri, ndipo nditavutika ndinawalembetsa kuti adzawaone Lolemba lina. Kuphonya Lolemba limenelo kunali kudikira mpaka chaka china, ndipo amayi sanali a msinkhu womadikira zaka. Basi inali yosadalirika, panjinga sakanatha kukhala. Ndinati palibe vuto, galimoto ndinagulira zomwezi.

Ndinafika kumudzi Loweruka masana. Chinandidabwitsa choyamba n'chakuti ana sanathamangire galimoto monga ankachitira. Mlongo wanga atandiona anatola khasu n'kulowera kumunda wa mapira, dzuwa lili paliwombo, nthawi imene ngakhale mbuzi sizichoka pamthunzi. Amayi anali pamphasa pakhonde. Tinalonjerana bwinobwino, anafunsa za adzukulu awo, koma nditangotchula kuti mawa tinyamuka kuti tikagone pafupi ndi chipatala, nkhope yawo inauma.

"Nkhabe," anatero. Pa Chisena mawu amenewo ndi ayi wopanda khomo lakumbuyo. "M'galimoto imeneyo ine sindikwera, mwananga. Bola ndife ndili wosaona."

Amene anandimasulira anali bambo aang'ono, mng'ono wa malemu bambo anga, amene ankayang'anira banja lathu. Anandiitanira pansi pa mtengo wa masau, kumene ndinapeza amuna ena atakhala kale ngati anthu oitanidwa dzulo. Nkhani yake inali iyi. Patangopita miyezi iwiri ndigulire galimoto, mwana wa mlongo wanga uja anamwalira ndi chikuku. Ndinabwera kumaliro, ndipo matabwa a bokosi ndinanyamula ndi galimoto yomweyo. M'mawa mwake, poona matope a mumsewu atauma m'mbali, ndinaitengera kuseri kwa nyumba n'kuitsuka. Pamenepo ndinalakwa, sindikana, pamaliro sipotsukira galimoto. Koma amayi ena amene ankaphika anandiona ndikutsegula kabokosi ndi kiyi, ndikutulutsa chitini, ndikusisita galimoto yonse ndi kachikopa uku milomo ikugwedera, kenako n'kukhomeranso. Milomo inkagwedera chifukwa ndinkang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Pofika nthawi yokolola mapira, mudzi wonse unali utadziwa kuti ndinakhwimira galimoto, ndipo chizimba chake anali mwana wa mlongo wanga.

Bambo aang'ono anafunsa mofatsa, ngati munthu wosafuna zoipa, chifukwa chake munthu wa pa malipiro sindilola wina kunditsukira. Ndinafotokoza za madzi amchere, za molasesi, za masaka. Palibe anagwedeza mutu. Anati ndikatenge chitinicho. Ndinakatenga mothamanga, ndikuganiza kuti akakaona aseka okha. Iwo anakatambasula pabondo, kukatembenuza, kukanunkhiza. Anali munthu wodziwa zikopa, wosenda mbuzi ndi ng'ombe kuyambira ubwana wake.

"Chikopa chimenechi n'cha nyama yanji?"

Ndinati n'cha ku Ulaya.

"Ku Ulaya ndi dziko, si nyama," anatero. "Chimakhala m'madzi koma sichiwola. Ubweya chilibe, ndipo sichinakhalepo nawo. Chikopa chopyapyala chonchi, chopanda ubweya, nyama yake ine ndikuidziwa imodzi yokha."

Ndinapsa mtima mpaka makutu kulira. Munthu ameneyu ana ake awiri anaphunzira sekondale ndi thukuta langa. Malata a nyumba imene ankagonamo ndinagula ndine. Galimoto yomwe ankaitcha ya magaziyo anali ataikwera katatu kupita ku msika wa ng'ombe ku Bangula, atakhala kutsogolo, chigongono chili pawindo, akukweza dzanja kwa aliyense wa panjinga. Nthawi imeneyo chikopa sichinkanunkha. Ndipo mwana amene ankati ndinamupha ndi amene ndinkamunyamula paphewa, amene ndinamugulira nsapato zake zoyamba. Ndinafuna kuwalanda kachikopa kanga, kuliza galimoto, osadzapondanso ku Tengani. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndikanachoka, amayi akanatsala pamphasa paja ndi mdima wawo, ndipo bambo aang'ono ankadziwa zimenezo bwino lomwe.

Chigamulo chinali chokonzeratu. Kachikopa kawotchedwe anthu akuona. Galimoto itsukidwe yonse ndi munthu wina, wosakhala wachibale, ndipo ndimulipire ndine. Ine ndiime patali, osagwira, osalankhula. Wotsukayo akapanda kugwa, ine n'kupanda kuchita misala, ndiye kuti amayi akhoza kukwera.

Lamulungu m'mawa, anthu atangotuluka m'tchalitchi, anasonkha moto pabwalo. Kachikopa konyowa sikayaka, kamangokwinyika n'kumapindika, ndipo fungo lake ndi la nyama yopserera. Amayi ena anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa, wina n'kunena kuti kakuphiriphitha. Ndinangoyang'ana kumwamba.

Wotsuka anali bambo wina wothawa nkhondo, msodzi, amene anapatsidwa kamalo kumapeto kwa munda wa bambo aang'ono. Pambuyo pake ndinamva chimene anasankhira iyeyo: analibe wachibale kuno, ndiye akanagwa n'kufa, palibe akanabwera kudzafunsa. Chimenechi chimandinyansa kuposa zonse mpaka lero. Anthu omwe ankanditcha wakupha anali okonzeka kuyesera mankhwala pa mlendo wosauka, iwo ataima pamthunzi.

Bamboyo anali asanagwirepo galimoto yaing'ono chibadwire. Anauzidwa kuti atsuke kwambiri, pasatsale kanthu, ndipo iye anabwera ndi zida zimene munthu aliyense waukhondo amatsukira chinthu chachitsulo: ndowa ziwiri za madzi a pamjigo, phulusa, zitsononkho za chimanga, ndi beseni lodzaza mchenga wa kumtsinje. Nditaona mchengawo, phazi langa linasuntha lokha. Pomwepo ndinazindikira kuti palibe amene ankayang'ana galimoto. Maso onse anali pa ine. Ndikanangoti asakwechepo apo, akanati pamenepo ndiye pali mankhwala. Ndinabweza phazi, n'kuika manja kumbuyo.

Anayambira pa boneti. Anatapa mchenga ndi chitsononkho n'kuyamba kukwecha mozungulira, mmene amayi amakwechera poto wa mwaye. Phokoso lake ndimalimvabe m'mano. Madzi otsikira pansi anayamba kukhala abuluu, ndipo wina anati onani zikutuluka. Zinkatuluka zoona, koma unali utoto wanga, umene ndinkaupukuta Loweruka lililonse mopepesa ngati nkhope ya khanda. Bamboyo sanabe ntchito. Anakwecha denga, zitseko, magetsi, ngakhale magalasi a m'mbali, thukuta likuyenderera m'chibwano. Pamene molasesi anakanirira ankabwerezapo kawiri. Ine ndinaima padzuwa la ku Nsanje mpaka mthunzi wanga unalowa pansi pa mapazi, ndikumwetulira, chifukwa kukwinya nkhope nakonso kukanakhala umboni.

Itauma, galimoto inali mbuu ngati miyendo ya mwana wosadzola mafuta, mizere yozungulira ili paliponse, mchere wa pamjigo utayera m'mphepete mwa mawindo. Bamboyo anaima pambali akuyang'ana ntchito yake monyadira. Ndinatulutsa ndalama n'kumupatsa anthu onse akuona. Anawomba m'manja, analandira ndi manja awiri, n'kunena kuti takhuta, kuthokoza kwa kwawoko. Iyeyo sindinamusungire chakukhosi ngakhale pang'ono. Pabwalo lonselo ndi yekhayo amene anachita zimene anauzidwa ndi mtima woyera, ndipo ndalama ija anakagulira ana ake ufa.

Palibe anagwa, palibe anachita misala. Mukuganiza kuti alipo anabwera kudzati tinakulakwira? Bambo aang'ono anangoimirira, kukung'untha fumbi kumatako, n'kulengeza kuti zoipa zachoka. Sananene kuti kunalibe, anati zachoka. Mpaka tsiku la imfa yawo anthu ankawatama kuti anapulumutsa banja, ndipo ena ku Tengani akali kukhulupirira kuti ndinali ndi chizimba koma anandilanda.

Amayi anabwera atagwiridwa dzanja ndi mlongo wanga. Anapapasa chitseko ndi chikhato, pang'onopang'ono, kuchokera pagalasi mpaka pachogwirira, kenako anawerama n'kulowa. Mlongo wanga anakhala nawo kumbuyo, popeza ndiye anali wokawadikirira kuchipatala. Titadutsa Bangula, dzanja lake linatulukira pakati pa mipando litafumbata masau ouma, n'kundithirira m'thumba la shati. Kupepesa kwake kunali komweko, ndipo sindinapemphe kwina.

Lolemba dokotala anawaona amayi, n'kuwachita opareshoni diso limodzi. Ndinabwerera kuntchito. Masiku amenewo ndinayesa polishi yense amene anatsala, ndikupukuta ndi vesiti yakale mpaka mapewa kuwawa, koma utoto wochoka subwerera ndi polishi. Anzanga a mu ofesi anafunsa ngati galimoto inagwera m'chigayo. Otsuka a pamsika aja ankandiloza ndi milomo, ati onani katsukidwe ka bwana wodzitsukira yekha. Sindinayankhe aliyense, chifukwa kufotokoza kukanakhala kufalitsa ndekha mbiri ya ufiti pa esiteti.

Tsiku lokawatenga, ndinaimika galimoto pansi pa mtengo kutsogolo kwa wodi. Amayi anatuluka akuyenda okha, mlongo wanga akutsatira ndi katundu pamutu. Ankayang'ana chilichonse, masamba, nkhuku, nsalu yawo yomwe. Anandiyang'ana ine nthawi yaitali n'kunena kuti dazi limenelo ndi la bambo ako. Ndinaseka, misozi ili m'maso, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala mkwiyo wonse. Kenako anafika pa galimoto. Anaizungulira, akupendeketsa mutu kuti diso labwinolo lione bwino. Chinthu chimene ndinachisamala miyezi yonse ija kuti iwo adzachione chikuwala, anali kuchiona koyamba.

"Galimoto yake ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyi, amayi."

"Anthu ankati imawala ngati kalilole." Anapaka chala pa boneti n'kuchiyang'ana. "Ndalama zogulira unazipeza, za sopo ndiye zinakusowa? Uziitsukako, mwananga. Ukakhala ulibe nthawi, upatseko wina ganyu. Anthu angatiseke."

Mlongo wanga anayang'ana pansi. Ine ndinatsegula chitseko, n'kuika dzanja pamwamba kuti asagunde mutu polowa.

"Ndamva, amayi," ndinatero.