Cholembera chimene abambo anga sanachigwirepo

Lachiwiri lapitali, pa 14 Ogasiti, cha m'ma folo koloko madzulo, ndinanama. Ndinanamiza mwana woti ndikhoza kumubala, nditakhala pakhonde panga ku Area 25, kapu ya tiyi ili m'manja.

Mwanayo ndi Wezi, wa aneba anga a Nyirenda. Amaphunzira zojambula ku koleji ku Zomba, ndipo holide ino wabwera ndi ntchito yoti akaonetse aphunzitsi ake akakatsegulira. Akujambula manja. Nkhope ayi, manja okha: a anthu amene anayala njanji ya ku Kanengo, amene ankasenza mabelo a fodya, amene ankatsitsa feteleza m'mabogi. Amajambula ndi makala pa mapepala a matumba a simenti. Ngati munthuyo anamwalira, amabwereka kwa abale chida chimene ankagwirira ntchito, n'kujambula chimenecho, dzina pansi pake.

"Ankolo, adadi akuti abambo anu anali a kunjanji. Ankagwira ntchito yanji?"

"Ya ukalaliki," ndinatero. Sindinaganize n'komwe. Mawuwo anatuluka okha, ngati mbuzi yodziwa njira ya kukhola.

"Ndiye cholembera chawo chilipo?"

Ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula dirowa, ndinatenga cholembera chakale cha inki chimene aphunzitsi ena anandipatsa nditakhoza Fomu Folo. Wezi anachilandira ndi manja awiri, n'kuchikulunga m'kampango.

Lachisanu anabweranso, kampango kaja kali m'manja.

"Ankolo, ndabweza cholembera chanu."

Anati chanu. Sanati cha abambo anu.

Anali atapita ku Mgona kukajambula manja a Che Saidi, mkulu wina amene anagwira ntchito kunjanji zaka zambiri ndipo pano amakhoma ndowa ndi mbaula. Pocheza, anawaonetsa cholembera chija n'kutchula dzina la abambo anga, Laimoni.

"Anaseka mpaka kutsokomola," anatero Wezi, maso ali pansi. "Akuti, 'Laimoni cholembera? Laimoni amene tinkadinda naye chala tsiku la malipiro?'"

Ndinalandira cholembera chija n'kuchiika m'thumba.

"Kenako anasiya kuseka. Akuti abambo anu ankayenda m'njanji m'mawa uliwonse ndi hamala ya mpini wautali, kumenya chitsulo n'kumvetsera. Pamene bawuti yakhwefuka, chitsulo chimalira mosiyana, ndipo iwo ankamva ena onse asanamve. Akuti nthawi ya mvula kapitawo sankalola sitima kudutsa Laimoni asananene kuti njira ili bwino. Ankawatcha Khutu."

Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Dzina limenelo ndinalimva koyamba Lachisanu, kuchokera kwa mwana wa aneba.

"Ndikubwerera kusukulu Lolemba," Wezi anapitiriza. "Pepala la abambo anu ndalisiya lopanda kanthu. Mukati ndijambule cholembera, ndijambula, eni ake ndinu. Kungoti Che Saidi akuti abwera Lamulungu kudzaona zithunzi."

Sanandidzudzule. Bola akanandidzudzula.

Bodzali silinayambe Lachiwiri. Linayamba ndili kusekondale, kumene anzanga anali ana a aphunzitsi ndi a madokotala, ndipo linakhwima tsiku limene tinaika abambo m'manda. Poti wophunzira pabanja ndinali ine, anandipatsa ntchito yolemba mbiri ya malemu. Ndinaimirira pamaso pa khamu, nditavala jekete, n'kuwerenga kuti, "Malemu anagwira ntchito kunjanji ngati kalaliki kufikira atapuma."

Kumbuyo kwa khamulo kunali azibambo a manja okhakhala amene ananyamula bokosi kuchokera panyumba. Palibe anatsutsa. Pamaliro satsutsana. Lero ndikudziwa kuti Che Saidi anali pakati pawo, ndipo akhala akusunga zimene anamvazo zaka zisanu ndi zinayi.

Awerengi, musandisiye ndekha pamlanduwu. Mvetserani bwino mbiri zimene timawerenga pamaliro ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo. Munamvapo kuti wamwalira mlonda? Ayi, amamwalira ndi "wa zachitetezo". Wosesa mumsika amasanduka "wa zaumoyo". Wosenza matumba ku Kanengo timati "anali kumbali yotumiza katundu", ndipo timatchula mwachangu kuti wina asafunse. Timati tikulemekeza malemu. Kodi tikulemekeza malemu, kapena tikusita jekete lathu?

Ngati makolo athu onse anali makalaliki, njanji ija inadziyala yokha? Mabelo a fodya ankakwera okha m'mabogi?

Masiku ano timadandaula kuti achinyamata akuzula zitsulo za njanji kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Inenso ndinalembapo patsamba lomwe lino, mokwiya ndithu. Ndinati ana a lero alibe ulemu. Koma ulemu wa chiyani, poti palibe anawauza kuti pa chitsulo chimenecho panayenda agogo awo? Iwo akuba zitsulo. Ife tinaba mayina kalekale, ndipo tinabera pamaliro, pamaso pa abusa.

Chimene chikundiwawa kwambiri si kugwidwa bodza. Ndi chakuti ndinabisa chinthu chimene sindinkachidziwa n'komwe. Ndinkaona ovololo yonunkha girizi ndi zikhatho zong'aluka, n'kuyesa kuti ndaona zonse. Sindinawafunsepo ngakhale kamodzi kuti, "Abambo, kunjanji mumatani kwenikweni?" Fizi yanga inkachokera m'khutu limenelo. Anthu ankagona tulo m'sitima, katundu ankafika, chifukwa munthu wina wosadziwa kulemba dzina lake anali atayenda m'bandakucha kumvetsera chitsulo. Ine wodziwa kulemba ndinapatsidwa tsiku limodzi loti ndilembe za iye, ndipo ndinalemba za munthu wina.

Akulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ine mwendowo sindinauyang'ane n'komwe. Ndinangoganiza kuti ndi wochepa.

Hamala ija ilipo. Sinatayike. Zaka zonsezi yakhala kuseri kwa nyumba, ikutchinjiriza chitseko cha khola la nkhuku, ndipo mayi a kunyumba amaphwanyira makala akuluakulu.

Loweruka m'mawa ndinaichotsa, n'kuikapo njerwa. Ndinapukuta zitosi. Ndipamene ndinaona kuti mpini wake unadyeka malo awiri, pamene manja ankagwira. Ndinaika manja anga pomwepo. Anali aang'ono.

Mayi a kunyumba anabwera ndi thumba loti ndikulungire. Ndinakana. Ndinaiika paphewa n'kutuluka pageti, amayi ogulitsa mandasi akuyang'ana.

Wezi ndinamupeza akusongola makala pakhonde. Anayang'ana hamalayo, anayang'ana ine, n'kuyala pepala lija pansi.

"Pansi pake ndilembe chiyani, Ankolo?"

"Lemba kuti Laimoni, woyendera njanji. Ankamutcha Khutu."

"Basi?"

"Basi. Zina ndilibe, sindinafunse."

Kenako ndinamupempha kuti andilongosolere njira ya kwa Che Saidi. Anati ndikawoloka njanji ndizingotsata kulira kwa malata, sindisochera.

Ndinanyamuka nthawi yomweyo, wapansi. Sindinafune kudikira Lamulungu.