Kalongonda wa a Muhala

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi chaka chimene mafomu a basale anafika pasukulu yathu. Ndinali mu Sitandade 8, ndipo mutu wanga unkagwira ndithu, izi sindingabise. Vuto linali kunyumba. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, mayi ankathyola tiyi pa esiteti, ndipo tinkakhala kumalaini, m'kanyumba koyang'anizana ndi minda ya tiyi yobiriwira mpaka kumene diso lalekezera. Mayi anali atandiuza kale mosapita m'mbali kuti ndikadzasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, iwo za fizi sadzazitha.

Ahedi athu, mayi Chikopa, ndiwo analowa m'kalasi ndi mafomuwo kumayambiriro kwa February, mvula ikusokosera padenga la malata. Anati bungwe lina likufuna kulipirira sekondale mwana mmodzi wa pasukulu pathu, koma silikufuna wanzeru chabe. Likufuna mwana amene amathandiza anthu m'dera lake.

"Pafomupa pali malo oti mulembe zimene mwachita," anatero, "ndipo munthu amene mwamuthandizayo asaine kapena adinde chala. Mafomu abwerere kwa ine Lachisanu lomaliza la mwezi uno."

Poweruka ndinayenda ndi mnzanga Esinati. Iye ankangoseka, akuti alibe cholemba, chifukwa chimene amachita n'kungoperekeza ana a aneba kusikelo ya ana amayi awo akakhala kumunda wa tiyi. Ine ndinamuuza mwamatama kuti zimenezo si ntchito yothandiza dera, n'kungoyenda chabe. Mumtima ndinali nditaganiza kale kuti ndichita chinthu chachikulu, choti aliyense wodutsa aone.

Kuseri kwa nkhalango ya bulugama, kumene esiteti imathera n'kuyamba midzi ya kwa Nchilamwela, kunkakhala a Muhala. Anagwira ntchito yodulira tiyi moyo wawo wonse, mpaka ng'ala inawaphimba maso onse awiri. Akazi awo anali atamwalira, ana ali kutali, ndipo ankakhala okha. Ana tinkawaopa chifukwa pakamwa pawo panali pakuthwa ngati mpeni wawo wodulira uja. Ndinkadutsa pafupi ndi nyumba yawo popita kunkhuni, ndipo ndinkaona kuti kuseri kwake kwawirira. Zomera zoyanga zinali zitakwera mumtengo wa mango, pampanda ndi m'mitengo ya nandolo, masamba ake atatuatatu. Ndinadziuza kuti chimenechi ndi chitedze, ndipo nkhalamba yosaona izingokandakanda thupi osadziwa chimene chikuyiyabwa.

Apa ndiyenera kudziteteza pang'ono. Kalongonda, mtundu uja wa nyemba, ndinkamudziwa bwino, mwana wa Mlomwe aliyense amamudziwa, koma ndinkamudziwa ali m'mbale, wophikaphika, atathiridwa mchere ndi tsabola, amayi akugulitsa pageti pa esiteti tsiku la malipiro. Kumalaini kunalibe minda, choncho ndinali ndisanamuonepo ali kumunda. Chitedze ndiye ndinkachidziwa kumtsinje, chinandiliza kangapo. Panalibe amene anandiuzapo kuti ziwirizi zikamayanga zimafanana ngati mapasa.

Ndinasankha Loweruka m'mawa, podziwa kuti a Muhala amapemphera la Sabata ndipo aneba amawatenga kupita nawo kutchalitchi. Ndinkati ndikufuna kuwadzidzimutsa ndi chinthu chabwino, koma zoona zake n'zakuti ndinkaopa kulankhula nawo. Ndinabwereka chikwakwa, ndinavala mapepala a pulasitiki m'manja, n'kuyamba ntchito. Ndinatchetcha, ndinakoka, ndinazula ndi mizu yomwe kuti chisadzaphukenso. Sichinandiyabwe ngakhale pang'ono, ine n'kumati Mulungu ali nane. Dzuwa lisanafike pamutu kuseri kwa nyumba kunali mbee, ndipo ndinasesa bwalo n'kusiya mizere ya tsache yooneka bwino.

Lolemba nditaweruka ndinapita ndi fomu yolembalemba, ndi kabotolo ka inki kamene ahedi ankatibwereka. Ndinawapeza atakhala pakhonde, ndodo ili pamiyendo. Ndinagwada, ndinapereka moni, n'kufotokoza kuti ndine Lusiya, mwana wa mayi Namulu a kumalaini, ndipo ndine ndinawalambulira kuseri kwa nyumba, tsono ndalemba zimenezo pafomu ya kusukulu yoti adindepo chala.

Kenako anati, "Ndiwe eti? Tawerenga zimene walembazo ndimve."

Ndinawerenga monyadira, ndikutembenuza Chingerezi changa m'Chichewa. Ndinati ndinachotsa chitedze chimene chinkazunza nkhalamba yosaona, ndipo tsopano nkhalambayo ikukhala mwamtendere.

"Ndigwire dzanja," anatero.

Ndinawagwira, koma ndi iwo amene ankanditsogolera. Tinazungulira nyumba mpaka patsinde pa mango paja. Anawerama, anafufuza pansi ndi zala, anapeza kadzenje kamene ndinazulapo, n'kuika dzanja langa pamenepo. Anasuntha mapazi awiri, anapeza kena. Ankadziwa phando lililonse.

"Ameneyu anali kalongonda wanga. Ndinabzala ndekha ndi manja awa mvula yoyamba. Mbewu yake anasiya ndi mayi a kunyumba kuno, ndipo ndinaithira yonse m'nthaka, sindinasungeko. Chimanga sindingalime, maso ndilibe. Uyu ndiye amangokwera yekha mumtengo, ine n'kumathyola pofufuza. Unandifunsa?"

"Ayi, agogo."

"Nanga unamva kwa ndani kuti ndikuyabwidwa?"

Sanakalipe monga ndinkayembekezera, ndipo zimenezo ndizo zinandipweteka kwambiri. Anangoti chala chawo sichidinda bodza, n'kubwerera pakhonde okha, ndodo ikugogoda khoma. Ndinalira njira yonse ya m'bulugama, koma ndiulule kuti ndinkalirira fomu yanga, osati chakudya chawo.

Mayi nditawauza anakhala pansi dengu likadali kumsana. Manja awo anali akuda ndi utomoni wa tiyi, chifukwa miyezi ya mvula tiyi amaphuka mosalekeza ndipo ankaweruka atatheratu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe wadya kalongonda zaka zonsezi osafunsa kumene amachokera?" Mawa lake madzulo anapita nane kukapepesa. Lamulungu, tsiku lawo lokhalo lopuma, tinayenda ulendo wa kwa Chimaliro kwa azakhali anga kukapempha mbewu. Azakhali anaseka mpaka kugwira nthiti, anaitana ndi aneba omwe kuti adzaone mwana wa sukulu amene amapalira ndiwo. Anatipatsa mbewu yodzaza kambale, koma anachenjeza kuti nthawi yobzala inapita kale.

Ndinabzala masiku awiri nditaweruka kusukulu, a Muhala atakhala pampando pansi pa mango akundilamula. Phando likhale pafupi ndi tsinde, mbewu ziwiri, usakwirire kwambiri. Akamva khasu lalira mosayenera ankati ndikukumba manda kapena chiyani. Tsiku lachiwiri, manja ali matope okhaokha, ndinalimba mtima.

"Agogo, nanga chimene chimakuvutani kwenikweni pakhomo pano n'chiyani?"

Anaseka koyamba chiwadziwireni. "Lero ndiye wafunsa. Madzi, mwanaka. Njira ya kuchitsime ndi yotsetsereka, mvula ikagwa imaterera. Ndagwa kawiri mwezi uno. Aneba amanditungira akakumbukira, koma nawonso amalawirira kutiyi."

Mawu oti mwanaka, amene m'Chilomwe ndi mwana wanga, mayi okha ndiwo ankandiitana nawo. Ndinatenga ndowa n'kutsikira kuchitsime. Njirayo inalidi yoipa, dothi lofiira loterera ngati sopo, moti ine wamaso ndinatsala pang'ono kugwa. Ndinali nditadutsa pamenepo kambirimbiri osaganizapo kuti munthu wosaona amatsika bwanji.

Lachinayi, kutatsala tsiku limodzi, ndinapempha fomu ina kwa ahedi n'kupita nayo kwa a Muhala. Ndinali nditakonza kale mawu m'mutu. Ndinkafuna kulemba kuti ndinabzalira nkhalamba yosaona mbewu ndipo ndimaitungira madzi. Zonsezo zinali zoona, choncho ndinawauza mawuwo ndikuona kuti palibe chovuta.

"Uyambire pachiyambi," anatero. "Unabzala chifukwa chiyani?"

"Agogo, ndikalemba zimenezo sandipatsa."

"Kaya. Koma chala ndi changa. Ulembe kuti unazula, ulembe kuti unabzala, ulembe kuti madzi watunga masiku atatu. Atatu, osati chaka."

Ndinawachonderera. Ndinawauza za mayi, za sekondale, za kuti mwayi wina sudzabweranso. Anamvetsera zonse mutu uli pansi, ndipo ndikukhulupirira kuti zinawakhudza, chifukwa mawu awo anafewa. Koma sanasinthe. Ndinalemba nditatsamiritsa fomu pabondo, misozi ikudontha, ndinawawerengera, ndipo anatambasula chala chachikulu kuti ndichipake inki.

Mayeso tinalemba, zotsatira zinatuluka, ndipo ndinasankhidwadi kupita kusekondale yogonera komweko. Basale inapita kwa Esinati. Amayi a kumalaini anali atadinda zala zawo mpaka kuseri kwa fomu yake, chifukwa anakhala akuwaperekezera ana kusikelo kuyambira ali mu Sitandade 5, popanda womutuma ndiponso popanda fomu. Ine malo anga ndinawataya. Mayi anakapempha kuti andisinthire kusekondale yoyendera, ndipo ndinkayenda wapansi mtunda wautali m'mawa uliwonse, kudutsa m'minda ya tiyi mame akunyowetsa sokosi.

Ndinakwiya kwambiri, ndipo mkwiyo wonse ndinautula pa a Muhala. Ndinkati nkhalamba ija yandiphera tsogolo chifukwa cha nyemba. Ndinasiya kupitako milungu iwiri. Mayi sanandilalatire. Tsiku lina akumanga nsalu kuti azipita kuntchito anangoti, "Basale yapita, inde. Nanga ludzu la a Muhala lapita nayo?" Ndinapita ndi ndowa madzulo ake, nkhope ili gwa, osapereka ndi moni womwe. Iwo anangomva kulira kwa ndowa n'kunena kuti, "Wabwera wolambula uja."

Kalongonda wobzala mochedwa uja sanachite bwino. Anayanga pang'ono, anabereka pang'ono, ndipo chaka chimenecho a Muhala anadalira kwambiri chinangwa cha aneba ndi tiufa timene mayi ankapatula. Ndinaziona ndi maso anga, chifukwa tsopano ndinkalowa m'nyumba mwawo, ndipo ndi pamene ndinayamba kumvetsa kukula kwa chimene ndinachita. Pa zochepa zimene tinakolola anapatula kaye mbewu, n'kundipatsa kuti ndisunge theka kwathu, akuti mwina kungabwerenso wina wachifundo ndi chikwakwa. Zotsalazo anandiphunzitsa kuphika tsiku lonse lathunthu, kuwiritsa, kutaya madzi akuda, kuwiritsanso, chifukwa kalongonda wosapsa bwino amazunguza mutu ndipo angathe kupha.

Ndinawatungira madzi mpaka pamene anamwalira, ndili Fomu 3. Pena ndinkapita mokondwa, pena monyinyirika, sindinganame kuti ndinasanduka mngelo. Sindinawafunsepo ngati ankadandaula kuti ndinataya basale chifukwa cha iwo, ndipo iwonso sanayambitsepo nkhaniyo.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo mafomu otere akafika pasukulu pathu ndine ndimawagawa. Ndimaona ana akuthamanga sabata yomaliza kukasesa pachipatala pamene pasesedwa kale, ena kukabzala mitengo m'munda wa munthu amene akufuna kubzalamo chimanga. Sindiwaseka, chifukwa ndikudziwa mantha a mwana amene akuona sukulu ikumuthawa. Ndimangowabweza kuti akafunse kaye mwini wake, ndipo ena amabwera ndi mayankho amene sakanawaganizira: wina akufuna womuwerengera kalata ya kuchipatala, wina womusomekera ulusi pasingano.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti ndinaluza basale chifukwa cholemba zoona. Tsopano ndikudziwa kuti ndinaluza chifukwa Esinati ankathandiza anthu, pamene ine ndinkafuna munthu woti andithandize kudzaza fomu. Ndinapita pakhomo pa a Muhala nditawaona ngati nkhalamba yosaona basi, osati munthu amene ali ndi munda wake, nzeru zake ndi pakamwa poti ndimufunse. Ndikanangoima pakhonde paja mphindi imodzi n'kunena kuti, "Agogo, ndikuthandizeni chiyani?" akanandipatsa ndowa, ndipo chaka chimenecho sakanagona ndi njala.