Laimu pa Bulubere wa Mayi

A Kachiwiri anapuma pa ntchito yopenta nyumba, koma dzanja lawo silinamve uthengawo. Dzinali anawapatsa anzawo a kuntchito, chifukwa khoma lililonse ankaliyang'ana chopendeketsa mutu n'kunena kuti lifunika kupaka kachiwiri. Pakhomo pawo chilichonse chosathawa chinali mbee ndi laimu: mpanda, miyala, matayala akale, mitengo mpaka m'chiuno. Galu anapulumuka chifukwa cha liwiro basi.

Malo oletsedwa anali amodzi, kangodya ka kuseri komwe akazi awo anadzala bulubere, kachitsamba kobala tizipatso tabuluu tonga mikanda. Kachitsambako n'kamatama. Kamafuna dothi lowawasa, ndiye mayiwo ankakathirira madzi a mvula okhaokha osungidwa mumgolo, n'kumakaunjikira utuchi ndi masamba a paini. Zaka zinapita kasanabale, bambo akuseka kuti pakhomo pabwera bwana wodya osagwira ntchito. Chaka chimenechi kanachita maluwa, tizipatso n'kuyamba kuoneka.

Ndiye mwana wawo wamkazi anabereka kutali, mayi n'kunyamuka kukathandiza. Ali pachipata anatembenuka.

"Bambo, madzi a mumgolo okha. Musachitepo china chilichonse."

Mawuwo anawabaya. Chikwatirire sanasungitsidwepo chamoyo, ngakhale nkhuku. Analumbira mumtima kuti mayi akabwera awayamikeko, olo kamodzi kokha.

Kuthirira ankathirira, pamenepo tisawanamizire. Koma kangodyako kankawapweteka m'maso, zinyalala zili mbwee. Anasesa utuchi wonse. Anazungulizapo miyala naipaka laimu, tsinde nalonso, ati nyerere zisakwere. Nanga madzi otsukira bulashi n'ngotaya? Anathira pomwepo kuti kachitsamba kamwe. Pataumapo anaima, napendeketsa mutu. Chotsatira mukuchidziwa kale.

Laimu amapha kuwawasa kwa dothi. A Kachiwiri sankadziwa, ndipo sanafunse, paja mmisiri wamkulu safunsa. Masamba atayamba chikasu anati ndi njala, nawonjezera phulusa, lomwe ndi mphwake wa laimu yemweyo. Aneba ankasuzumira pampanda n'kumatama ukhondo, bambo n'kumayenda chifuwa patsogolo.

Tsiku lofika mayi, a Kachiwiri anavala malaya osita. Mayi sanalowe n'komwe m'nyumba. Anatula chikwama pakhonde n'kulunjika kuseri, amuna awo ali pambuyo, akukonzekera kunena kuti si kanthu, n'zazing'ono izi. Anapeza nthambi zili mbulanda, tizipatso tonse tofota tili pansi, pamalo poyera ngati manda a munthu wolemera.

"Ndimati mupeze pokongola, mayi," anatero bambo, mawu akuchepa.

Mayi sanakalipe, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kukalipa. Anagwada ndi zovala za paulendo, nakumba kachitsambako ndi manja, natsuka mizu ndi madzi a mumgolo. Anati mwina kachira akakaika m'dothi lina, koma za zipatso chaka chino aiwale. Choikamo chachikulu pakhomopo chinali chimodzi, ndowa ya laimu, imene a Kachiwiri sanabwerekepo munthu chiyambire ntchito. Mayi anailoza n'kuwauza kuti akaitsuke.

Mkuluyo anakwecha ndowa yake ndi mchenga mpaka zala kusupuka, mpaka chinaoneka chitsulo chimene anachiona komaliza ali mnyamata. Mtima unkawawa, koma anabwera nayo ndi manja awiri. Mayi anasuzumira m'kati, napendeketsa mutu.

"Kachiwiri," anatero.